Kudzutsa Datsun 240Z: njira zitatu, ndi mmene mungadziwire zipangizo zake zenizeni

Mukatsegula boneti ya Datsun 240Z, yambani mwayesa sipanala ya 12 pa mabawuti a M8, omwe ndi onenepa 8 mm. Nissan, yomwe inapanga galimotoyi, inkatsata muyezo wa ku Japan wa JIS, womwe bawuti ya M8 mutu wake ndi wa 12 mm ndipo ya M10 ndi wa 14 mm. Mabawuti ambiri a m'mashopu a hardware ndi a 13 ndi 17. Pamutu pa bawuti ya kufakitale pamakhalanso nambala 4, 7 kapena 9, yosonyeza kulimba kwake. Choncho pomwe sipanala ya 12 yakana, dziwani kuti panapita dzanja la makanika wina, ndipo muyang'anitsitse chomwe anasintha. Masikuluwu nawonso ndi a JIS. Amaoneka ngati a Phillips, koma sikuludiraiva ya Phillips imaterereka n'kudya mutu. Gulani sikuludiraiva ya JIS musanakhudze kabureta.

Galimotoyi inatuluka mu October 1969. Ku Japan inkatchedwa Fairlady Z ndipo yambiri inali ndi injini ya malita awiri, L20, pomwe yotumizidwa kunja inali ndi L24 ya 2,393 cc, masilinda asanu ndi limodzi mumzere umodzi, ndi makabureta awiri a Hitachi a mtundu wa SU. Pafupifupi 150,000 anagulitsidwa ku America, n'chifukwa chake zipangizo zambiri zomwe zili pamsika lero ndi za galimoto ya chiwongolero chakumanzere. Kuno ku Africa dzina lake linamveka pa mpikisano wa East African Safari Rally: Edgar Herrmann ndi Hans Schüller anapambana nayo mu 1971, Shekhar Mehta n'kupambananso mu 1973.

Amene wapeza galimoto yotereyi ali ndi njira zitatu. Akhoza kuibwezera mwakale ndendende ngati tsiku lomwe inatuluka m'fakitale, akhoza kuisunga mmene ilili n'kukonza zokhazo zomwe zafa, kapena akhoza kuisintha ndi injini ndi mabuleki amakono. Chosankhacho sichiyenera kuchokera pa zomwe mtima ukukhumba. Galimotoyo ndiyo imanena, kudzera m'manambala ake ndi m'dzimbiri lake, ndipo muyenera kuimva isanamasulidwe bawuti ngakhale imodzi.

Manambala

Nambala ya chasesi inadindidwa m'chitsulo cha firewall, khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. HLS30 ndi yotumizidwa kunja ya chiwongolero chakumanzere, HS30 ndi ya chakumanja yomwe inkapita ku Britain ndi Australia, S30 ndi Fairlady Z ya ku Japan, pomwe PS30 ndi Z432 ya injini ya S20, yomwe inapangidwa yochepa kwambiri, pafupifupi 420. Nambala yomweyo ili pa kachitsulo komangidwa m'chipinda cha injini. A ku America ali ndi kena pa dashibodi ndi kena pa mphuthu ya chitseko, ndipo ka pachitsekoka kamanena mwezi ndi chaka chomwe galimoto inapangidwa. Tizitsulo timeneti munthu akhoza kuchotsa n'kuika pa galimoto ina, ndiye khulupirirani za pa firewall. Unikani ndi tochi kuseri kwake, pansi pa dashibodi. Mukaona mzere wowotcherera wozungulira nambalayo, musagule.

Kachitsulo ka m'chipinda cha injini kamanenanso nambala ya injini yomwe galimoto inabadwa nayo. Nambalayi siifanana ndi ya chasesi, ndipo sikuti pali cholakwika. Chofunika n'chakuti ifanane ndi yodindidwa pa buloko, pa kamalo kosalala mbali ya mapulagi, chakumbuyo pansi pa cylinder head. Pukutani ndi kansalu ka parafini, osati sandipepa, chifukwa zilembo zake n'zosazama. Zikafanana, muli ndi galimoto yomwe ogula amati matching numbers. Mukawerenga L26 kapena L28, omwe ndi mainjini a magalimoto apambuyo, injini inasinthidwa.

Kenaka werengani zilembo zoumbidwa pa cylinder head, m'munsi pakati pa pulagi yoyamba ndi yachiwiri. E31 ndi ya magalimoto oyambirira, ya compression ya 9.0, E88 ndi yotsatira, pomwe N42, N47, P79 ndi P90 ndi za L28. Buloko ili ndi zake mbali inayo, chapansi: E31 kapena P30 kwa 240Z, N42 kapena F54 kwa L28.

Okonda galimotoyi amatcha omwe anapangidwa mpaka kumayambiriro kwa 1971 kuti Series 1, ndipo ndi amene amadula kwambiri. Amadziwika ndi timawindo tiwiri totulutsira mpweya pa chitseko chakumbuyo, pansi pa galasi, ndi chizindikiro cholembedwa 240Z pa chipilala cha kumbuyo kwa zenera lam'mbali. Pa otsatira, mpweya umatulukira pa chipilalacho, kuseri kwa chizindikiro chozungulira cha Z. Chiwongolero cha Series 1 chili ndi mikono yopanda mabowo, timizere totenthetsa galasi lakumbuyo ndi toimirira, ndipo oyambirira kwambiri ali ndi chivundikiro cha mavalavu cholembedwa NISSAN 2400 OHC. Makabureta a 1970 ndi 1971 ali ndi masikuluwu anayi pa chipewa chozungulira, a 1972 ali ndi atatu, ndipo a ku America a 1973 ndi aphwatalala pamwamba. Nissan sinasinthe zonsezi tsiku limodzi, inkamaliza kaye zomwe zinali m'sitolo. Musataye chipangizo chifukwa choti sichikugwirizana ndi chithunzi chimodzi cha pa intaneti.

Dzimbiri

Thupi la 240Z lilibe chasesi chapadera, mphamvu yake ili m'malata opyapyala owotcheredwa pamodzi, ndipo sanatetezedwe bwino ku madzi. Malo oyamba kuona ndi pansi pa batire. Asidi amadonthera pamenepo, kudya lata, kutsikira ku firewall ndi ku frame rail, chitsulo chachitali cholimbitsa thupi chapansi. Kenaka pansi popondera, zitsulo zoyenda pansi pake, m'munsi mwa zitseko, kangodya ka kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, mlomo womwe chitseko chakumbuyo chimakhalapo, ndi dzenje la tayala la sipeya. Pansi popondera anamatapo phula loletsa phokoso, ndipo madzi amabisala pansi pake. Pamwamba pamaoneka bwino koma sikuludiraiva imalowa ngati m'papaya lakupsa. Yendetsani maginito wokulunga m'kansalu thupi lonse: pomwe sakugwira pali body filler, phala lomatira mabowo ndi mophwanyika. Yang'ananinso ngati ma frame rail a kutsogolo ali ndi makwinya, chifukwa ndiwo umboni wa ngozi yakale kapena wa jeke yoikidwa pamalo olakwika.

Njira yoyamba: kubwezera mwakale ndendende

Apa galimoto imamasulidwa mpaka kutsala chigoba, ndipo chilichonse chimabwerera mu mtundu, maonekedwe ndi chaka chake. Nissan yeniyeni inachitapo zimenezi ku America kuyambira 1996, pomwe inagula ma 240Z akale, kuwakonzetsa ndi kuwagulitsa kudzera mwa ogulitsa ake. Inamaliza osafika 40 n'kusiya. Ngati kampani yomwe inapanga galimotoyi inalekera pamenepo, mwini galaja aganize kawiri.

Njirayi ikuyenera galimoto ya matching numbers yomwe zipangizo zake zambiri zikadalipo, makamaka Series 1 kapena mtundu wosowa. Kuvuta kwake sikuli pa injini, kuli pa tinthu ting'onoting'ono. Mabawuti ndi timabulaketi timafuna kukutidwanso zinc wachikasu, mapaipi a rabara oyambirira anali okutidwa ndi ulusi wolukidwa, zomangira zake zinali zawaya, ndipo mkati muli chikopa chapulasitiki cha timadayamondi chomwe chimang'ambika mukachikoka mothamanga. Penti ili ndi nambala yake pa kapepala komatidwa pafupi ndi radiyeta: 918 ndi yaolenji, 920 ndi Safari Gold, 907 ndi yobiriwira, 904 ndi yoyera, 901 ndi yasiliva. Kapepalako kakasowa, yang'anani pansi pa kapeti kapena kuseri kwa dashibodi, komwe wopentanso sankafika.

Pochotsa penti yakale palinso zosankha. Kuwomba ndi mchenga kumachotsa dzimbiri bwino pansi pa galimoto ndi m'makona, koma pa denga, boneti ndi zitseko kumapinditsa lata, ndipo lata lopindika chotero silibwerera. Kumiza chigoba chonse m'mankhwala kumafika paliponse, koma mankhwala otsalira m'mipindiro amadzatuluka patapita miyezi n'kutukusira penti yatsopano. Mankhwala opaka ndi dzanja ndi makina osalalitsira zimachedwa koma sizivulaza. Chanzeru n'kusakaniza: dzanja pa malata aakulu akunja, kuwomba pansi ndi m'chipinda cha injini. Chitsulo chikangovulidwa, epoxy primer, penti yoyamba yoteteza ku dzimbiri, ipite tsiku lomwelo.

Powotcherera gwiritsani makina a MIG a waya wa 0.6 mm. Ndodo zowotcherera mageti zimaboola lata, ndipo gasi amalitenthetsa mpaka kupindika. Mangani zitsulo zochirikiza pakhomo la chitseko musanadule pansi, dulani mbali imodzi n'kuimaliza musanayambe inayo, ndipo zitseko zikhale zopachika kuti muziona ngati mipata ikufanana. Wotchererani kadontho apa, kadontho patali, kudikira kuti pazizire. Amene amadula mbali zonse ziwiri kamodzi amadzapeza chitseko chikukana kutseka, ndipo pamenepo thupi lakhota kale.

Choipa china cha njirayi n'chakuti galimoto ikatha, mwini wake amaopa kuiyendetsa. Ndipo ntchito zambiri zotere zimafera pakati, zipangizo zili m'makatoni opanda zilembo. Jambulani chilichonse musanamasule, ikani mabawuti a chinthu chimodzi m'kajumbo kamodzi, lembani.

Njira yachiwiri: kusunga ndi kukonza zomwe zafa

Iyi ndiyo ikuyenera magalimoto ambiri omwe thupi lawo lili ndi mphamvu. Penti yakale imatsukidwa ndi kupukutidwa, dzimbiri limadulidwa pamalo pomwe lili, ndipo ndalama zimapita ku zomwe zimayendetsa ndi kuimitsa galimoto. Msika nawo umalemekeza zimenezi. Mu January 2020, 240Z yobiriwira ya 1971 yomwe sinakonzedwepo mwakale, itayenda mamailosi ongopitirira 21,000, inagulidwa madola 310,000 pa Bring a Trailer, msika wa magalimoto wa pa intaneti. Wogulayo analipira penti, mipando ndi zomata za kufakitale, zinthu zomwe wokonza aliyense sangazipangenso.

Injini yomwe yakhala zaka isalizidwe msanga. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, idikire masiku angapo, kenaka zunguzani ndi dzanja pa bawuti ya crankshaft. Vundukulani mavalavu n'kuthira oyilo pa camshaft. Pa L24 camshaft imathiridwa oyilo ndi kapaipi ka timabowo koyenda m'mbali mwake. Timabowo tikatsekeka kapena kapaipi kakasweka, camshaft imadyeka m'kanthawi kochepa, ndiye onani kuti bowo lililonse likutulutsa. Ma L28 apambuyo ali ndi camshaft yobooka mkati, yosafuna kapaipi. Kuika camshaft yosabooka pa head yopanda kapaipi ndi kuipha. Mipata ya mavalavu injini ili yotentha ndi 0.25 mm polowera ndi 0.30 mm potulukira, ndipo mapulagi amayaka motsatana 1-5-3-6-2-4. Mukafuna kuchotsa head, khomani kathabwa kosongoka pakati pa tcheni musanamasule giya ya camshaft. Mukaiwala, tensioner yokungira tcheniyo imatumphuka, ndipo muyenera kumasula chivundikiro chonse cha kutsogolo kuti muibwezere.

Makabureta a Hitachi anthu amawanamizira zambiri. Nthawi zambiri vuto ndi throttle shaft, kachitsulo kotembenuza chitseko cha mpweya, yomwe yadya thupi la kabureta n'kumalowetsa mpweya wakuba. Injini ikulira pang'onopang'ono, poperani carb cleaner kumapeto kwa shaft. Kulira kukasintha, pakufunika ma bush atsopano, ndipo kutembenuza masikuluwu sikungathandize. Pansi pa kabureta iliyonse pali kapaipi kakang'ono kopita ku nozzle. Kakauma, nozzle siibwerera m'mwamba mukabweza choko, galimoto n'kumamwa petulo ndi kudetsa mapulagi. Chipewa ndi pisitoni ya kabureta imodzi zisasinthanitsidwe ndi za inzake. Kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zimbabwe, komwe petulo amasakaniza ndi ethanol, mapaipi onse a mafuta asinthidwe ndi opirira ethanol, ndipo thanki ya malita 60 ija itsitsidwe n'kutsukidwa.

Ku magetsi, mphamvu yonse ya nyale zakutsogolo imadutsa pa switch ya pachiwongolero ndi pa bokosi la mafyuzi, lomwe limatentha mpaka kusungunuka. Ikani ma relay pa waya wongolumikiza, osadula mawaya akale. Pansi pa galimoto, sinthani marabara onse, koma pa tension rod yakutsogolo, ndodo yochirikiza mwendo wa tayala, musaike polyurethane m'malo mwa rabara mbali zonse ziwiri: ndi youma kwambiri, ndodoyo imapindikapindika mpaka kuthyoka. Kugogoda kwa kumbuyo posintha giya kawirikawiri ndi mounting ya kutsogolo kwa difu ya R180 yomwe yang'ambika. Ma spindle pin a kumbuyo, zitsulo zazitali zolumikiza mwendo wa tayala, amagwirana ndi dzimbiri. Kuwamenya ndi hamala kumafufumitsa nsonga n'kuwakanikiza kwambiri, ndiye konzekerani chokokera kapena press, ndipo gulirantuni atsopano.

Njira yachitatu: kusintha

Ngati injini yoyamba inatayika kalekale, kapena thupi lasokedwa zigamba mbali zonse, kubwezera mwakale n'kuwononga ndalama, chifukwa matching numbers siigulidwa. Galimoto yotereyi ndiyo yoyenera kusintha, ndipo kusinthako kuli pawiri.

Kwina n'kongomanga ndi mabawuti. L28 ya 2,753 cc imakhala pa ma mounting omwewo, ndipo kummwera kwa Africa kuno inkapezeka mu Nissan Patrol ndi mu Skyline 2.8 ya ku South Africa. Onani sump: ya Z chidebe chake chili kumbuyo, ndiye injini yochokera m'galimoto ina ingafune kusintha sump, kapaipi kokokera oyilo ndi malo a dipstick. Ofuna mphamvu yoposa amaika crankshaft ya injini ya dizilo ya LD28, ya stroke ya 83 mm, n'kukulitsanso mabowo a masilinda, n'kufika pafupifupi malita 3.1. Makabureta atatu a Weber DCOE kapena Mikuni, giyabokosi ya magiya asanu ya 280Z kapena 280ZX (ma Z apambuyo), difu ya R200 ndi ma caliper a mapisitoni anayi a Toyota nthawi zambiri zimalowa popanda kudula thupi. Mukaika ma caliper aakulu, phazi la buleki limatsika kwambiri, ndiye master cylinder nayonso ikule.

Kwina n'kofuna kudula thupi: injini za magalimoto ena monga RB26, 2JZ kapena V8 ya LS, ma coilover (mashoko okhala ndi sipuling'i) owotcherera, ndi mapiko otambasulidwa. Mphamvu zimenezi zimapotokola thupi lomwe linapangidwira mphamvu ya mahatchi 151, choncho ma frame rail ayenera kulimbitsidwa ndi kulumikizidwa mpaka kumbuyo. Pamenepa kubwerera kulibe. Kuchita zimenezi pa chigoba chomwe chinali chopita kwa ogula zitsulo ndi kupulumutsa galimoto. Kuchita pa Series 1 yathunthu ndi kuononga chinthu chomwe chikuchepa chaka ndi chaka. Ngakhale pa kusintha kongomanga, chilichonse chomwe mwachotsa chisungidwe pouma, chopakidwa oyilo, ndipo chidzapite limodzi ndi galimoto tsiku logulitsa.

Kogula zipangizo

Chipangizo chomwe chili pa galimoto yanu kale ndicho choyamba kuganizira. Alternator, sitata ndi distributor za Hitachi, ma caliper a Sumitomo, nyale zakutsogolo za Koito ndi zakumbuyo za IKI, wotchi ya Jeco, zonsezi zimakonzeka, ndipo maina ake ndi oumbidwa kapena odindidwa pa chipangizocho. Malimu achitsulo a Topy, a mainchesi 14, ali ndi deti lodindidwa, chimodzimodzi malamba a pampando pa kansalu kawo. Deti loyenera limakhala la m'mbuyo pang'ono, mwezi womwe galimoto inapangidwa usanafike. Limu ya 1975 pa galimoto ya 1970 ndi ya Nissan ndithu, koma si yake. Chenjerani ndi mashopu omwe amalandira chakale chanu n'kukupatsani china chokonzedwa kale: mumatuluka ndi chogwira ntchito, koma chenicheni chapita. Nenani kuti mukufuna chanu chomwecho, ndipo lembani nambala yake musanachipereke.

Zachiwiri ndi NOS, zipangizo za Nissan zomwe sizinagwirepo ntchito, zikadali m'katoni yake. Nambala za Nissan zili ndi zigawo ziwiri za zilembo zisanuzisanu, ndipo zambiri za 240Z chigawo chachiwiri chimayamba ndi E4, monga E4100. Nissan inkasintha nambala ikasintha chipangizo, ndiye NOS ikhoza kukwana bwino koma n'kukhala ya maonekedwe a chaka china. NOS ndi yabwino pa zitsulo, magalasi a nyale ndi zizindikiro. Pa marabara, ma seal a mabuleki ndi mapaipi, zaka makumi asanu za pashelefu zimaumitsa chimodzimodzi, musaike moyo wanu pamenepo.

Zachitatu ndi zakale zochotsedwa pa magalimoto ena. Funsani nambala ya chasesi ya galimoto yomwe zachokera, chifukwa 260Z ndi 280Z zimafanana ndi 240Z kunja koma mabampa, nyale zakumbuyo, dashibodi ndi zamkati mwa zitseko n'zosiyana. Ngakhale pakati pa ma 240Z, difu inasunthidwa chakumbuyo pa magalimoto a 1972, ndiye propshaft ndi chitsulo chogwira difu sizisinthana ndi zoyambirira. Ngati galimoto yanu ndi HS30, dashibodi, steering rack ndi mawaya a ku America sizilowa, ndipo mwina inabwera ndi magiya asanu ndi difu ya 3.9, pomwe ya ku America inali ya magiya anayi ndi 3.36. Zoterezi zifunidwe ku Britain, Australia kapena Japan.

Zomaliza ndi zokopera zatsopano. Pa malata a pansi, ma frame rail, makapeti, madashibodi ndi marabara a zitseko, palibe njira ina yabwino kuposa imeneyi, koma ubwino wake umasiyana kwambiri. Rabara wa chitseko wonenepa amachititsa kuti chitseko chizifuna kumenyetsa, ndipo ena amafika posuntha loko kuti chitseke, mzere wa thupi n'kuwonongeka. Zizindikiro zokopera zimadziwika potembenuza: kuseri kulibe nambala ya Nissan, ndipo timiyendo take nthawi zina sitigwera m'mabowo. Musakulitse bowo la galimoto chifukwa cha chizindikiro chokopera, palani kamwendoko. Lata lililonse lokopera liyesedwe pa galimoto ndi zopanira, chitseko ndi phiko zili pamalo pake, musanadule lakale, ndipo podulapo siyani lata lakale lotsalira masentimita awiri kapena atatu kuti mudzachepetse pang'onopang'ono mpaka ziwirizo zitakumana.